Chingwe cha Wotchi ya Kapitawo

Mu Epulo 1931, Yesaya Malizani atakwezedwa kukhala kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti ina ya ku Thyolo, anapatsidwa wotchi. Inali yobulungira, yachitsulo choyera, yokhala ndi kamphete pamwamba pake. Sinali yake. Inali ya kampani, ndipo ntchito yake inali imodzi: kumuuza kapitawo nthawi yomenya chitsulo cha njanji chimene chinkalendewera pamtengo wa bulugamu, kuti anthu ayambe ntchito, apume, kapena aweruke.

Wotchiyo inabwera yopanda chingwe. Kapitawo wakale, Fabiano, anamwalira ndi chifuwa mu Juni chaka chathacho, ndipo chingwe chake anamuika nacho m'manda. Malaya a Yesaya analibe thumba, la kabudula linali lobooka, ndipo kapitawo amafuna manja ake onse awiri. Choncho ntchito yopeza chingwe inagwera mkazi wake, Teleza.

Anayamba ndi khonje. Linamutupitsa khosi Yesaya thukuta litangolowamo. Anayesa chingwe cha nsapato chochokera kusitolo ya mmwenye ku Bvumbwe. Chinaduka pakati pa munda, wotchi n'kugwera m'tiyi, ndipo Yesaya anaisaka chokwawa anthu ake akumuonerera. Kachikopa ka mbuzi kanakhalitsako pang'ono, mpaka mvula itakanyowetsa.

"Akapitawo akubwera," anthu ankauzana. "Simukumva fungo la tonde?"

Mawu amenewa anamupeza Teleza kumtsinje, ndipo anamuwawa kuposa mwini wake. Kumtsinje komweko ndi kumene anaona chimene ankafuna. Chinali m'khosi mwa Anesi, mkazi wamasiye wa Fabiano uja: chingwe cha luzi lopota bwino, chakuda bii, chosalala ngati mchira wa khoswe, chozunguliza khosi kawiri. Teleza, monga mwamuna wake, anakulira kwa Chimaliro, m'banja lachimang'anja lokonda tchalitchi, ndipo anali asanathe chaka akukhala m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti, pakati pa Alomwe. Iye anangoona ulusi wolimba ndi dzanja la mmisiri.

"Achemwali, chingwe chanucho anapota ndani?"

"Alamu anga, mlongo wawo wa malemu. Anapota asanabwerere kwawo kutsidya kwa malire."

"Chikanakhala cha ine, wotchi ya abambo kwathuko ikanasiya kutichititsa manyazi. Bwanji mundipatse?"

Ananena moseka. Koma Anesi anasiya kuchapa. Amayi ena amene anali pamwala womwewo anayamba kutola zovala zawo zisanalowe n'komwe m'madzi otsukuluzira. Mmodzi wachikulire analankhula mawu ochepa m'Chilomwe, mwaukali, koma Anesi sanamucheukire.

"Mwachipempha ndi pakamwa panu?" anafunsa Anesi.

"Ee, ndachipempha."

"Ine sindingachivule. Ngati mukuchifuna, masulani nokha."

Anagwada n'kuweramitsa mutu. Mfundo inali kumbuyo kwa khosi, yolimba, ndipo Teleza anachita kuimasula ndi mano. Pamene panadutsa chingwecho khungu linali lotuwa. Anesi anapuma mpweya wautali, natunga madzi ndi manja awiri n'kudzithira m'khosi. Anathiranso, nathiranso. Teleza anathokoza n'kunyamuka nacho chingwecho.

Kunyumba Teleza anachitsuka ndi phulusa, nachiyanika pamthunzi kuti chisaume gwa, kenako anachipaka mafuta a nsatsi mpaka chinayamba kunyezimira. Anamasula mkanda wake wakale n'kusankha timikanda toyera ndi tofiira. Anatitunga mbali zonse ziwiri za kamphete ka wotchi, toyera pafupi ndi chitsulo, tofiira pamwamba pake. Mfundo yake anaibisa pansi pa mikanda ya kumanzere. Anamuimiritsa Yesaya pakhomo n'kuyeza utali, kuti wotchi izifika pamchombo ndipo munthu aziinyamula n'kuiwerenga osaweramitsa mutu ngati wopempha.

"Chotere ngakhale bwana alibe," anatero Yesaya, akudziyang'ana pachifuwa. "Wachitenga kuti?"

"Valani basi. Mwamuna safunsa kumene kwachokera ndiwo."

Mwezi wa Meyi unatha bwino. Za tonde zinaiwalika.

Mu Juni kunabwera chiperoni. Nkhungu inkatsika m'phiri n'kukhala m'minda tsiku lonse, kamvula kosalekeza kakuwaza, ndipo ntchito inasintha kuchoka pa kuthyola kupita pa kudulira tiyi. Tsiku lina Yesaya akusamba m'manja, Teleza anaona kuti wotchi sikufikanso pamchombo. Inali pakati pa chifuwa.

"Mwafupikitsa chingwe?"

"Luzi likanyowa limakhwinyata. Kodi sudziwa?"

Ankadziwa. Ankadziwanso kuti likauma limabwererako pang'ono. Ichi sichinabwerere.

Kenako Yesaya anayamba kukhosomola, kachifuwa kouma ka m'mawa. M'malaini monse munali chifuwa nyengo imeneyo, ndiye Teleza anangomuwiritsira masamba a bulugamu. Koma tsiku lina atamutengera mbatata kumunda, anamupeza ataima pansi pa mtengo uja, wotchi ataigunditsa kukhutu la kumanzere, maso atatseka. Anakhala choncho kanthawi, kenako anamenya chitsulo osayang'ana n'komwe manambala. Bambo wina wodulira tiyi, amene anali atakhala pafupi ndi Teleza akunola mpeni wake, anasiya kunola.

"A Fabiano ankatero," anatero bamboyo, osayang'ana munthu. Ananyamuka n'kukanolera kwina.

M'mawa wotsatira Yesaya anapatsa Teleza moni m'Chilomwe. Chilankhulocho ankachidziwa pongotukwanira anthu ochedwa. Uwu unali moni wathunthu, waulemu, wotuluka mosavuta ngati wa munthu woyamwira. Teleza atamufunsa chimene wanena, Yesaya anadabwa, nati sananene kanthu.

Pofika sabata yoyamba ya Julayi wotchi inali pansi pa khosi penipeni, pakadzenje kaja. Chingwe sichikanathanso kudutsa pamutu. Yesaya ankagona nacho, kusamba nacho. Teleza akatambasula dzanja kuti achikhudze, iye ankabweza mutu ngati ng'ombe yosazolowera goli.

Lachinayi masana, anthu ataweruka, Teleza anali pakhonde akusankha nyemba pamene anaona mwamuna wake akutuluka m'nkhungu. Anadutsa pakhomo pake osatembenuka. Kayendedwe kanali kena, kokoka pang'ono mwendo wakumanja. Teleza anasiya lichero n'kumutsatira. Anatsika naye mpaka mzere wakumunsi wa nyumba, kumene Yesaya anaima pakhomo pa Anesi. Chitseko chinali chotseka. Iye sanagogode, sanaodire. Anangokhosomola kamodzi, monga amachitira mwini nyumba, n'kudikira.

"Abambo," anatero Teleza, "kwanu ndi uku."

Yesaya anatembenuka. Anamuyang'ana mokoma mtima, monga mmene munthu amayang'anira mkazi wa mnzake.

"Zikomo, mayi," anatero. "Amuna anu ali bwanji?"

Teleza anamugwira dzanja, ndipo iye anamutsatira mosakana, akucheukacheuka kuchitseko chija.

Kutacha, chitsulo choyamba chitangolira, Teleza anabwerera kumzere wakumunsi. Anapeza Anesi akumanga katundu m'nsalu. Anali atameta bwino, atadzola, atavala nsalu yatsopano yabuluu. Khosi lake linali litabwerera mtundu.

"Mukupita kuti?"

"Ku Makwasa. Kuli bambo wina wocheka matabwa. Wandidikira mokwanira."

"Chingwe chija n'chiyani, achemwali?"

Anesi anamaliza kumanga mfundo ya katundu wake asanayankhe.

"N'cha maliro. Kwathu mwamuna akamwalira, abale ake amamuveka mkazi chingwe. Chikakhala m'khosi, mwamunayo sanachoke pakhomo. Sudzola, sukwatiwa, sugona pamphasa ya wina. Tsiku lometa abale akewo amabwera, amachidula, amachitentha, iye n'kupita kwawo kwa akufa. A kwa Fabiano anati abwera akakolola. Anakolola. Mvula ina inagwa, anakololanso."

"Munandipusitsa."

"Ndinakufunsani. Munayankha pamaso pa anthu."

"Ndikachidula lero lomwe. Mipeni yodulira tiyi ili mbwee."

"Duleni," anatero Anesi mofatsa. "Koma wodula ndiye wameta maliro, ndipo inu si m'bale wa Fabiano. Maliro amene mungamete inu ndi a munthu amene wachivalayo."

Teleza anakhala pansi pakhonde lonyowalo.

"Nanga chimachoka bwanji?"

"Mmene chinachokera kwa ine. Wina achipemphe ndi pakamwa pake, amasule ndi manja ake." Anesi anasenza katundu. "Bwana wamng'ono wa pa esiteti pano amakonda zamikanda. Kapena kapitawo wa kufakitale, nayenso ali ndi wotchi. Anthu osilira sasowa, achemwali."

Anatsika njira ya kumsewu, ndipo nkhungu inamumeza asanafike pamlatho.

Teleza anaganiza za kapitawo wa kufakitale. Ankamudziwa, ankadziwanso mkazi wake, amene anamubwereka mtondo tsiku limene anafika m'malaini. Anaganiza za bwana wamng'ono, koma iyeyo anali atapita ku Limbe ndipo za tsiku lobwerera palibe ankadziwa. M'mawa umenewo Yesaya anali atalephera kumeza phala.

Nthawi yopuma itayandikira anakwera kumunda. Anthu anali atayamba kale kusonkhana pafupi ndi mtengo wa bulugamu, mipeni ili m'manja, matumba a ziguduli ali kumutu chifukwa cha kamvula. Yesaya anali chiimire pafupi ndi chitsulo. Wotchi inali itakanirira pansi pa chibwano, moti sakanatha kuiona ngakhale akanafuna. Anali atapendeketsa mutu kumanzere, akumvetsera. Mitsempha ya m'khosi inali itatupa mbali zonse za chingwe, ndipo mpweya unkalira polowa.

Teleza anaima patsogolo pake. Sanadziwe dzina loti amuitanire.

"Akapitawo," anatero, "ndikupempha chingwe chanucho."

Madontho ankagwa kuchokera m'masamba a bulugamu n'kumenya chitsulo.

"Mwachipempha ndi pakamwa panu?" Mawuwo anatuluka mokwekwereza, ndipo katchulidwe kake sikanali ka kwa Chimaliro.

"Ee, ndachipempha."

Mwamunayo anagwada m'matope n'kuweramitsa mutu. Teleza anafufuza pansi pa mikanda ya kumanzere mpaka anapeza mfundo yake yomwe. Inali itamira m'khungu. Zikhadabo zinakanika, ndiye anaweramira pakhosipo n'kuluma. Luzi linkawawa mafuta a nsatsi ndi mchere wa thukuta. Mfundo itamasuka, timikanda tinamwazika m'udzu, ndipo wotchi inatsetsereka n'kugwera m'dzanja la Yesaya.

Iye anakhosomola kwambiri, atagwira pansi ndi dzanja linalo. Atadzutsa mutu anayang'ana anthu, nayang'ana mkazi wake.

"Teleza, ukutani kuno? Wandigwadiritsa m'matope pamaso pa anthu anga? Ukanaiswa wotchi ya kampani ukanati chiyani?"

"Menyani chitsulo, abambo. Anthu ali ndi njala."

Yesaya anayang'ana manambala, nang'ung'udza kuti nthawi yapitirira, n'kumenya.

Chingwe chinali m'manja mwa Teleza. Chinali chachitali ngati tsiku limene anachimasula kumtsinje. Mayi wachikulire uja, amene anakalipa m'Chilomwe tsiku lija, anatuluka pagulu, nachitenga, nachizunguliza kawiri m'khosi mwa Teleza n'kumanga mfundo kumbuyo. Atamaliza anapukuta manja ake pansalu.

Wotchi inabwerera pakhonje, koma ulendo uno Teleza analikulunga ndi kansalu kakale kuti lisatupitse khosi. Silinali lokongola. Chifuwa cha Yesaya chinatha mu Ogasiti, dzuwa litabwerera. Za masabata amenewo sankakumbukira kanthu, kupatula kuzizira. Chimene sankamvetsa n'chakuti mkazi wake anasiya kudzola, ndipo anayala mphasa yakeyake mbali ina ya nyumba. Anakalipa, ananyengerera, kenako anazolowera. Nthawi zina madzulo, Yesaya ali m'nyumba, Teleza ankamva munthu akukhosomola kamodzi panja pa chitseko. Sankatsegula.

Aliyense wopita kutsidya kwa malire ankamutuma uthenga kwa abale a Fabiano: dzina la mudzi, dzina la mlongo wake, ndi mawu akuti maliro akudikirabe kumeta. Ena ankabwerera n'kunena kuti mudziwo unasamuka pothawa msonkho. Ena sankabwerera.

Mu Disembala, tiyi ataphukanso, kunabwera mtsikana wina wongokwatiwa kumene dzina lake Mtisunge, wochokera kuchigwa. Mwamuna wake anali mlonda, ndipo kampani inali itamupatsa wenzulo. Anapezana ndi Teleza pamwala wochapira.

"Amayi, chingwe chanucho n'chokongola," anatero Mtisunge. "Wenzulo ya abambo kwathu ikungosowa chotere. Bwanji mundi..."

Teleza anamutseka pakamwa ndi dzanja lonyowa, lasopo. Anagwira mwamphamvu mpaka mtsikanayo anatulutsa maso.

"Pota khonje," anatero. "Ulikulunge ndi kansalu. Ndikuonetsa mawa."

Abale a Fabiano sanabwere mu 1931. Sanabwerenso mu 1932. M'mawa uliwonse, chitsulo choyamba chikalira kumunda, Teleza ankalowetsa zala pakati pa chingwe ndi khosi lake. Poyamba zinkalowa zitatu. Chiperoni cha 1933 chitayamba, ziwiri zinkalowabe.