Batire Lotupa pa Tebulo Lositira

Telala wina ankakhulupirira chinthu chimodzi: palibe chokwinyika kapena chotukumuka chimene simbi singachiwongole. Munthu wasita makolala zaka makumi atatu, ungamuuze chiyani?

Ndiye foni yake itayamba kutupa kumsana, sanadandaule. Chivundikiro chitakana kutseka, anangochimanga ndi ulusi wakuda. Foniyo inkaswera pa chaja, pansi pa mulu wa nsalu, ikutentha ngati mwana wodwala malungo.

Pofika Lachinayi, batire linali ngati lili ndi pakati. Analitulutsa, namanganso chivundikiro ndi ulusi uja, batirelo n'kuliika pa tebulo lositira, pambali pa diresi laukwati la mwana wake. Diresilo analisoka milungu itatu, mikanda kuika umodziumodzi, ndipo ukwati unali Loweruka. Anayala kansalu konyowa pa batire, monga amachitira ndi buluku la suti, n'kudinda simbi yotentha kamodzi.

Akuti adinde kachiwiri, analowa mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, amene amakonza mafoni pashopu yoyandikana. Ankadzabwereka sizasi. Atangoona, anamugwira dzanja.

"Alamu, mukufuna mwana akavale phulusa kutchalitchi?"

Telala anaseka, nati okonza mafoni onse ndi amodzi, amaopseza anthu kuti agulitse zatsopano. Mlamuyo sanalimbane naye. Anapana batire ndi pulayazi, n'kukaliponya m'chitini cha mchenga panja. Ali komweko anafotokoza kuti batire likatupa ndiye kuti m'kati mwadzaza mpweya, ndipo silifinyidwa, silibooledwa, siliyandikira moto. Limangochotsedwa n'kuperekedwa kwa odziwa kulitaya.

"Khomo langa ndi ili, mapazi asanu. Safunsa anadya phula, alamu."

Telala, amene anamutsatira panjapo, anali akukonza yankho lakuthwa pamene chitini chinalira kuti tswii! Utsi woyera wonunkha unafuka, kenako lawi linatumphuka kufika m'mawondo. Telala anadumphira m'mbuyo.

Mantha anamupeza mochedwa, koma anafika onse. Analowa m'shopu, nanyamula diresi ndi manja awiri, kulitembenuza uku ndi uku. Linali loyera bwinobwino. Koma pa tebulo, pomwe panali batire, panatsala kadontho kofiirira kowauka, chala chimodzi chokha kuchokera pomwe panagona mpendero.

Mlamu anasuzumira pakhomo kufunsa za sizasi ija.

"Tengani," anatero telala, maso ali pa kadontho. "Mutengenso foniyi. Ulusiwo mudule nokha."