Mapaipi a Mbaula United

Timu yathu inalibe ofesi, inalibe chikho, ngakhale jezi tinkachita kubwereka. Chuma chathu chonse chinali mapaipi asanu ndi imodzi. Ba Whyson, omwe ankapanga mbaula pafupi ndi msika kuno ku Kanyama, ndiwo anawadula ndi kuwaboola mu 1998, n'kutiuza kuti awa ndi magolo a Mbaula United. Iwo anali kochi, ine Dalton ndinali pagolo.

Ku Kanyama chitsulo sichigona panja. Mukachisiya, mawa lake mukachipeza pa sikelo ya ogula sikirapu. Choncho mpira ukatha tinkamasula mabawuti, paipi iliyonse n'kupita kunyumba kwa woisunga. Apa m'pamene Ba Whyson anaonetsa ukathyali wawo. Mapaipiwo anawagawira anyamata aulesi ndi okonda chibuku okhaokha. Ukajomba Lamlungu golo silinkaima, ndipo timu yonse inkabwera kudzakudzutsa amayi ako akuona. Ine anandipatsa mzati, ndiye mutha kudziwa kuti ndinali mnyamata wotani.

Sitinali akatswiri, ndisaname. Mvula ikayamba bwalo lathu linkasanduka dziwe, achule n'kumatiimbira mpaka Epulo. Koma chilimwe chikafika fumbi linkakhala lathu. Chaka china tinathambitsa matimu a ku Chawama ndi ku Matero pa mpikisano wolimbirana mbuzi. Mbuziyo inadula chingwe tikujambulitsa, ndipo mpaka lero sitidziwa anaidya ndani. Ndimalakalaka masiku amenewo kuposa mmene ndinganenere.

Bwalo linatha pang'onopang'ono. Ngodya imodzi inakhala potsukira magalimoto, kwina kunaima tenti ya tchalitchi, kenaka midadada inamera pakati penipeni. Tinasewera komaliza mu 2011. Palibe ananena kuti timu yafa. Aliyense anangosenza paipi yake monga mwa masiku onse, ndipo Lamlungu lotsatira palibe anadzutsa mnzake.

Mwezi watha Chipo, mwana wamkazi wa Ba Whyson, anandipeza pa siteshoni ya minibasi pomwe ndimagulitsa zingwe za mafoni. Bambo ake anadwala sitiroko, mbali imodzi inafa, mawu amatuluka movutikira.

"Ba Dalton, pa Sondo tibapeleka kumunzi ku Katete, sibazabwelanso," anatero Chipo. "Manje bakamba chabe golo, golo. Bafuna kuiona yaimilila bakalibe kuyenda."

Ndinalonjeza mosaganiza. Mzati wanga unali kuseri kwa nyumba, mkazi wanga anamangapo chingwe choyanikira zovala. Ndinauzula akunditukwana. Wa Sydney, yemwe ankasewera kumbuyo, unkachirikiza kadenga ka shopu yake ya salaula, zovala za kaunjika, ku Kamwala, ndipo anauchotsa osafunsa kawiri. Mapaipi atatu a golo linalo anali atapita kalekale. Robert anagulitsa yake popita ku Joni, ina inadulidwa n'kukhala belu la sukulu, inayo mwini wake sanandiyankhe foni. Ndinati golo limodzi likwana, bola ndipeze mtanda wa pamwamba.

Mtandawo unali kwa Kabwe, womwetsa zigoli wathu, amene tinamuika m'manda zaka zapitazo. Ndinapita ku komboni ya George kwa mkazi wake Maud. Atamva nkhani yanga anangondilowetsa m'nyumba n'kuloza kudenga. Paipi ija inali pamenepo, yopingasa kuchokera khoma ili kufika linalo, itanyamula malata. Penti yoyera ya Ba Whyson inkaonekabe mwa apo ndi apo.

"Mulamu, chimphepo chinatenga denga, ni iyi yamene inatithandiza," anatero Maud. "Mukaichosa, bana bagona kuti? Mvula ili pafupi."

Mtima unandipsa. Ndinafuna kunena kuti chitsulocho n'cha timu, si cha banja. Koma timu yake iti? Ndinakhala pa mpando ngati thumba la makala.

"Nyumba siingayende," Maud anapitiriza, "koma bamudala bangabwele."

Lamlungu m'mawa galimoto ya ku Katete inadzera ku George, katundu ali kale pamwamba. Msewu wolowera kwa Maud ndi wa maenje, choncho ine ndi Sydney tinawanyamula Ba Whyson pa wilibala, titayala bulangeti. Maud anali atatulutsa mipando yonse panja. Tinaimika mizati iwiri ija pansi pa mtanda, wina uku wina uko, n'kumanga ndi waya chifukwa mabawuti anasowa kale. Golo la Mbaula United linaima m'chipinda chochezera, kumbuyo kwake kuli kabati ya mbale.

Ba Whyson analiyang'ana nthawi yaitali. Dzanja lawo lamoyo linagwira mzati wanga, n'kuugwedeza kuti aone ngati walimba. Ndinaima pakati pa golo mmene ndinkaimira kale, mimba yokha ndiyo inali yachilendo. Ndinkayembekeza kuti aseka, kapena andikalipira kuti ndaima molakwika. Koma anatembenuza mutu, nayang'ana ine, nayang'ana Sydney, kenaka maso awo anakakhala pa khomo.

Kunja dalaivala analiza hutala. Chipo anawerama n'kuwanong'oneza kuti ulendo ndi wautali. Iwo anapukusa mutu, ndipo mawu anatuluka bwinobwino, onse tinawamva.

"Banzanu bachedwa. Tibayembekezeko pang'ono."

Sydney anakhala pansi pa simenti, ine ndinakhalabe chiimire pagolo, tonse maso ali pa khomo.