Namwino wa m'Buku Lachiwiri

Mwana wake wamwamuna atamupatsira kapu ya tiyi, mkuluyo anaiphonya. Zala zake zinagwira mphepo, tiyi n'kutayikira patebulo. Anaseka, nati ndi kutopa kwa maliro.

Maso ake anayamba kuchita chifunga kalekale. Ankadziwa ndi mkazi wake yekha, yemwe tsopano anali m'manda. Ndiye ankamuikira kapu pamalo amodzimodzi, kumuyalira malaya pabedi, kumunong'oneza dzina la mlendo asanalowe. Ndipo m'mawa womwewo mwanayo anali atanena mosabisa kuti ngati bambo sangathe kukhala okha, nyumba igulitsidwa, iye awatenga akakhale kwake. Mkuluyo ankaopa nyumba yachilendo kuposa imfa. Makoma a muno manja ake anawaloweza.

Mwana wake wamkazi, yemwe ankalongedza zovala za malemu, anatulukira ndi buku lomwe analipeza pansi pa pilo. Linali lachiwiri pa nkhani ya namwino wokondana ndi wapolisi wofufuza milandu yakupha. Mabuku onse awiri anawagulira mayi ake ndi iyeyo, ndipo anati lachiwirili anataya nalo ndalama.

Mkuluyo anaona mpata woonetsa kuti akadawerenga. Anakonza kukhosi n'kutsutsa. Loyamba, iye anati, linachuluka magazi ngati kophera ng'ombe. Lachiwiri ndiye buku: namwino uja wachenjera, akubisala m'chipinda chochapira cha chipatala, chigawenga chikumudutsa pafupi, wapolisi akungofika mochedwa ngati basi ya kumudzi. Anawonjeza kuti watsala ndi masamba ochepa, ukwati wawo uli pafupi.

Foni ya mwana wamwamuna inalira, iye n'kutuluka nayo panja. Mkuluyo anamva mwana wamkazi uja akukokera mpando kufupi naye.

“Bambo, namwino amaphedwa m'mutu wachitatu. Kotsalako ndi wapolisi yekhayekha, kulira ndi kubwezera.”

Mkuluyo anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anakumbukira masana aja, mkazi wake atatsamira pilo, matenda atamudya kale, akumuwerengera ndi mawu osadodoma. Pena ankatsokomola kaye, kukhala chete pang'ono, kenako namwino n'kupulumukanso.

“Koma masamba ankatembenuza,” anatero. “Ndinkamva.”

Mwanayo anatsegula bukulo. Anamuuza motsitsa mawu kuti kapini ka tsitsi ka mayi kali pa tsamba lomaliza namwino asanafe. Tsamba limenelo lafewa, lada m'mbali chifukwa chogwidwagwidwa. Onse otsatira ndi oyera, ena akadamatana.

“Simuona, eti bambo?”

Mkuluyo anamva nsapato za mwana wake wamwamuna zikuyenda uku ndi uku pakhonde.

“Usamuuze mchimwene wako. Chonde, mwanawe.”

Chitseko chinatseguka. Mwana wamwamuna anafunsa chomwe akunong'onezana. Mkuluyo anaweramitsa mutu, kudikira kuti nyumba imuchokere.

Mlongo wakeyo anayankha kuti akukangana za buku, ndipo madala amugonjetsa, lachiwiri ndi labwinodi. Anati za kugulitsa nyumba ziyambe zaima. Iye abwerera m'chipinda chake chakale, popeza kuntchito n'kufupi kuchokera kuno, komanso katundu wa mayi sangathe kulongedzedwa mothamanga. Mchimwene wake anang'ung'udza kuti anthu a m'nyumba muno mabuku anawalodza, natenga makiyi a galimoto.

Galimoto itachoka, mwanayo anapukuta tiyi uja, nathira wina. Anagwira dzanja la bambo ake n'kuliika pa chogwirira cha kapu. Kenako anakhala pampando wa mayi ake, nachotsa kapini kaja.

“Munalekera pati?”

“Akusoketsa diresi. Chigawenga sichinagwidwe.”

Mwanayo anatsokomola, nakhala chete pang'ono.

“M'mawa mwake, namwino anadzuka bwinobwino,” anayamba.

Mkuluyo anatseka maso. Anamva tsamba lofewa lija likutembenuzidwa, kenako likubwezedwa pomwe linali.