Moni wa pa Poti Namba 4

"Masabata asanu ndi limodzi, a Goodson," anatero Mayi Mainess, bwana wa ofesi, akuyala mapepala patebulo. "M'mawa uliwonse poti namba 4 ikuduka kawiri n'kubwereranso. Mwati n'chiyani?"

 Ntchito ya Goodson pa kampani yoombola katundu ku Chipata inali yoyang'anira makina olumikiza makompyuta a maofesi awo. Laini iliyonse inali ndi poti yake, kabowo kolowetsamo waya, ndi kanyali kake, ndipo namba 4 inali ya ku Mwami, kuboda.

"Mwina ndi mphezi, mayi."

"Mphezi mu Julayi? Yosunga nthawi ngati belu la sukulu?"

Mphezi yake inalipodi, koma dzina lake linali Tamiwe, kalaliki wa ku Mwami. Mafoni a kumeneko ankafa sabata yathunthu, ndiye awiriwo anapangana zawo: Tamiwe akafika bwino kuntchito, ankazimitsa ndi kuyatsa kawiri modemu, kamakina kolumikizira lainiyo. Kanyali kakaphethira, mtima wa Goodson unkakhala m'malo. Zoti makinawo amalemba zonse ankazidziwa bwino lomwe, koma chikondi chinamutseka m'maso mwana wa eni.

"Akuluakulu ku Lusaka akuti wolakwa ndi Lemmy amene anamanga lainiyo," anapitiriza mayiwo. "Kalata yomuchotsa ntchito ndi iyi. Kwatsala n'kuti musaine kuti vuto silili kuno."

Lemmy anali ndi ana anayi, komanso ndiye anaphunzitsa Goodson kugwira waya. Goodson anatenga cholembera, n'kuchibweza. Manyazi anamugwira, mantha n'kumugwiranso.

"Laini ilibe vuto, mayi. Ndi Tamiwe. Amandipatsa moni. Ndinamuuza ndine."

Mayi Mainess anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Kamba anga mwala! Ine kusowa mtendere ndi mafoni a ku Lusaka, chonsecho ndi chibwenzi? Kwawo akukudziwani?"

"Sindinapiteko. Ndimaopa bambo ake, aja aphunzitsi a ku Madzimoyo."

"Kuopa aphunzitsi, osaopa kuphetsa mnzanu ndi njala."

Anang'amba kalata ya Lemmy, n'kulemba ina yochenjeza Goodson. Iyi yokha Goodson anasaina.

"Tamiwe ndilankhula naye ndekha," anatero mayiwo. "Inu Loweruka musabwere. Makina a kampani si ankhoswe anu."

Madzulo ake Goodson anapita kaye kwa Lemmy kukapepesa. Atatha, anabwereka jekete kwa Lemmy kuti akavale Loweruka ku Madzimoyo.