Uchi Umene Unabwezedwa Pamalire

Migolo khumi ndi iwiri ya uchi inabwezedwa pamalire isanatsegulidwe n'komwe. Mwini wake, mlimi wa njuchi amene anzawo ankawatcha a Mbola chifukwa cha pakamwa pawo, anaisanja m'chipinda cha katundu, koma mtima unakana kukhala pansi. Akati akhale, adzuka. Akagogoda mgolo, abwerera. Atenganso kalata imene inabwera ndi migoloyo.

"Bambo, muboola simenti ndi kuyendayendaku," anatero akazi awo.

"Akuti uchi uziyezedwa ndi makina amene muno mulibe. Lamulo latsopano! Anafunsa yani?"

Pa wailesi ankanena kuti nduna yanyamukanso, ikupempha mavoti kuti dziko lawo lipeze mpando m'komiti ya bungwe la maiko onse yoona za malonda a zakudya. A Mbola anaitseka mwaukali.

"Ife tikulira, iwo ali m'mitambo!"

Loweruka kunabwera mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, wogwira ntchito ku unduna wa za maiko akunja.

"Afika odya za m'ndege," anatero a Mbola.

"Ndege ndimaionera pansi ngati inu nomwe, alamu," anaseka mayiyo. Atawerenga kalata ija, kuseka kunatha. "Lamulo ili linachokera m'komiti yomwe mukuitsekera wailesiyo. Anakamba za uchi wanu, ife kulibe."

"Nanga kadziko ngati kathu angakamvere ndani?"

"Kumeneko sayeza kukula kwa dziko. Lalikulu voti imodzi, laling'ono voti imodzi. Ndipo ang'onoang'onofe tilipo ambiri. Tikuwalonjeza kuti tikakhala pampandopo tiyankhulira ndi iwo omwe. Koma nthumwi yopanda umboni ili ngati msaki wopanda uta. Unduna unaitana alimi mwezi watha, munabwera atatu okha. Lachiwiri tikukumananso."

A Mbola anayendayendabe pang'ono, kenaka anapalasa njinga. Masiku awiri anazungulira alimi anzawo, ndipo Lachiwiri anafika ku unduna ali makumi anayi, atanyamula makalata ndi zithunzi za katundu wobwezedwa. A Mbola atayamba kufotokoza za migolo ija, mlembi anachita kupempha kuti aziyankhula pang'onopang'ono.

Kudikira ndiye kunawawa. Wailesi imene ankaitseka ija tsopano ankagona nayo pakhutu ngakhale masana, mpaka akazi awo anadandaula kuti apeza mkazi mnzawo.

Patatha miyezi inayi, mlamu anaimba foni.

"Alamu, tapambana! Mavoti asanu okha ndiwo atipulumutsa!"

Pamsonkhano woyamba, nthumwi ya dzikolo inayala umboni wa alimi aja. Maiko ena ang'onoang'ono anati nawonso vuto lawo ndi lomwelo, ndipo komiti inavomera kuti uchi woyezedwa m'maiko awo momwe uzilandiridwa.

Tsiku limene lole yodzatenga uchi wopita kunja inabwera, a Mbola anakweza okha mgolo womaliza, nauza anzawo amene anadzathandiza:

"Abale, pagule fumbi ndiwe mwini. Dziko likamafuna mpando kunja, likufunira ife. Boma likaitana kuti limve maganizo athu, tizipita, tinyamule umboni, tikayankhule. Malamulo opangidwa kutali amadzatipeza pakhomo."