Sanda Kapena Bokosi

Bambo anga, a Wadson, sankapemphera kulikonse. Kumzikiti sankapita, kutchalitchi sankapita, ngakhale kaufa pansi pa mtengo sankathira. Anali mkamwini m'mudzi mwa amayi, kufupi ndi mtsinje wa Rivirivi, ndipo kwawo kwenikweni kunali kuseri kwa Mulanje, kumene palibe wa ife anafikako. Amayi ndi Asilamu, dzina lawo a Kulusumu. Ine kunyumba ndine Zaina, koma kusukulu ya mishoni ku Utale anandibatiza Martina. Bambo ndiwo anaumirira kuti ndikaphunzire kuwerenga makalata. Za ubatizozo anangoti, "Bola akuphunzitse ndi masamu omwe."

Chimene chinawachitikira anandiuza kamodzi kokha. Ali ku Joni mgodi unawagwera, iwo ndi mnzawo wina, nakhala masiku awiri mumdima. "Ndinaitana onse," anatero. "Yesu, Allah, agogo anga. Amene anabwera ndi Mshangani wina wa fosholo." Mnzawo uja anamutulutsa atafa kale. Kuyambira pamenepo sankagona chitseko chili chotseka, ndipo bulangete sankafunda kumutu ngakhale mu Juni.

Ulendo womaliza anabwerako ndi chifuwa, mu 1948. Pofika Okotobala anali atasiya kupita kumunda. Tinkawayalira mphasa pakhonde, ndipo ine, popeza ndinali nditangomaliza sukulu, ndinkakhala nawo masana onse. Sindine wolankhulalankhula. Ndinkangosenda nandolo, n'kumawerenga mumtima kuti atsokomola kangati.

Lolemba lina dzuwa lili pamutu kunabwera amjomba anga, Che Uladi, achimwene awo a amayi. Anakhala pamtondo wogonetsa, navula kofiya, naiyika pabondo.

"Alamu, ndabwera ndi mawu osakoma."

"Okoma munabwera nawo liti?" anatero bambo.

"Anthu akumzikiti akumana. Akuti munthu wosanena Kalima, mawu olowera Chisilamu, sanganyamulidwe pa jeneza lathu la maliro, ndipo m'manda mwathu sangagonemo. Ndawachonderera, akana. Ndiye ndati ndikuuzeni mukadamva."

"Ku msitu wakale kuja bwanji?"

"Akumbe ndani? Adzukulu a kumeneko anatha. Wina anamwalira, awiri analowa kwathu kumzikiti, winayo akuimba kwaya kwa a Zainawa."

Ndinagwetsa nkhope m'lichero. Aliyense m'mudzimo ankadziwa kumene kunatsala: kuseri kwa chulu, kumene azimayi amakwirira nthayo, dzenje lolekeza m'mawondo. Afisi amapitako. Ine ndinaonapo dothi lofukulidwa kumeneko ndikupita kukatola nkhuni.

"Mpeni wa jando uja mwabwera nawo?" anafunsa bambo.

"Pa msinkhu uwu? Shehe angakomoke asanayambe. Mawu okha, alamu. Mzere umodzi."

Bambo anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Chitawasiya anafunsa motsitsa, ndipo nthabwala inali itachoka pankhope pawo.

"Mumadikira nthawi yaitali bwanji?"

"Mukatisiya m'mawa, dzuwa likamapendeka mwagona kale."

"Mumadziwa bwanji kuti munthu wapitadi?"

"Timamusambitsa. Katatu, ndi manja athu. Kenako timamukulunga m'sanda, nsalu yoyera basi. M'dzenjemo timakumba kachipinda cham'mbali, n'kutseka ndi timitengo kuti dothi lisamugwere."

"Timitengo," anatero bambo. "Ngati mumgodi."

Mawa lake kunabwera aphunzitsi a Blasius, amene ankatiphunzitsa katekisimu. Mbiri inali itawapeza. Anali munthu wofatsa, ndipo anabweretsa mandimu m'thumba la jekete. Nawonso ananena chimodzimodzi mwaulemu: kumanda a mishoni kumagona obatizidwa okha.

"Inu mumadikira bwanji?" anafunsa bambo.

"Timagona usiku umodzi tikuimba. Mawa lake mapemphero, kenako ulendo."

"M'bokosi."

"Eya. La matabwa abwino. Anyamata ophunzira ukalipentala amakhoza."

"Misomali ingati?"

Aphunzitsi anandiyang'ana, ngati ine ndingawathandize. "Sindinawerengepo, bambo. Mwina khumi ndi iwiri."

"Khumi ndi iwiri. Ngati mukuopa kuti ndithawa."

"Sitikamba za thupi, a Wadson. Tikamba za mzimu wanu."

"Mzimuwo sindinauonepo, aphunzitsi. Thupili ndakhala nalo zaka makumi anayi."

Atapita, bambo anayang'ana denga la khonde. Kenako anati, "Iwe wophunzira, ukuti bwanji?"

Ndinkafuna kunena zambiri. Ndinkafuna kunena za chithunzi chimene chinali m'buku la katekisimu, cha anthu ali m'moto manja ali m'mwamba. Wina wa iwo, wa pakona, anali ndi ndevu zonga za bambo. Chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ichi chokha: "Ndikuopa moto."

"Ine moto sindiuopa, mayi. Ndikuopa kudzuka." Anapuma pang'ono. "Onsewa sindikuwakhulupirira. Koma akuti ndisankhe, ndiye ndisankha ngati munthu wogula khasu, poyang'ana mpini. A kwa amjomba ako amafulumira, koma sakhoma. Nsalu munthu ungaing'ambe ndi mano. A kwanu amadikira, koma amakhoma. Palibe amene ali ndi zonse ziwiri. Ukawauze kuti ndiyankha Lachisanu."

Lachitatu masana amayi anali kudimba. Kunali kotentha moti nkhuku zinali kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Bambo anatsokomola, natulutsa magazi ambiri kuposa masiku onse, kenako mutu unagwera kumbali. Ndinawaitana. Ndinawagwedeza phewa. Maso anali otseguka pang'ono, koyera kokha kukuoneka, ndipo pachifuwa sindinaone kuyenda kulikonse.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti munthu akakhala pafupi kufa, wansembe kulibe, aliyense akhoza kubatiza, ngakhale mwana wamkazi. Tinkayeseza ndi chidole cha nsanza. Anatiuzanso kuti wamkulu ayenera kufuna yekha. Zimenezo ndinkazidziwa, sindinganame. Koma ndinathamangira kumtsuko, ndinatunga madzi m'chikho, ndinagwada, n'kuthira pamphumi pawo katatu. Mawu onse ndinawanena, osaphonya ngakhale limodzi. Dzina ndinawapatsa la Yosefe, chifukwa ndi limene linabwera.

Madzi anayenderera m'khutu mwawo. Anakoka mpweya mwaphokoso, natsegula maso.

"Wandinyowetsa ndani?"

"Munatentha thupi, bambo."

Anandiyang'ana, nayang'ana chikho. Sindikudziwa ngati anamva kanthu. Anangoti, "Wachita bwino," natsekanso maso. Ine ndinakhala pomwepo chikho chili m'manja, mpaka amayi anabwera ndi mtolo wa mpiru pamutu. Ndinawauza zoti bambo anakomoka, koma za madziwo sindinawauze.

Lachisanu atatuluka kumzikiti, amjomba anabwera ndi amuna ena awiri. Bambo anapempha kuti tiwatsamiritse kukhoma.

"Alamu, ndasankha inu. Musanyade. Si chifukwa cha Mulungu wanu, ameneyo sindinakumane naye. Ndasankha chifukwa mumagwira munthu ndi manja. Ndikakhala wofunda mudzamva."

Mmodzi wa amuna aja anang'ung'udza m'Chiyao kuti kulowa kotere si kulowa. Amjomba anamuyankha kuti za mumtima amayeza si iye.

"Koma pali chimodzi," anapitiriza bambo. "Musandithamangire. Ndigone usiku umodzi kunja kuno."

"Si mwambo wathu umenewo."

"Ndiye kanditayeni kuchulu. Kumeneko bola n'kosaya."

Amayi analira mwakachetechete kuseri kwa chitseko. Amjomba anatembenuza kofiya yawo kawiri m'manja, nati, "Nenani mawu, alamu. Zinazo mundisiyire ine." Bambo anatsatira mawu a Chiarabu aja limodzilimodzi, akulakwitsa, amjomba akubwereza. Atamaliza anati, "Ndanena. Sindinaone kanthu, koma ndanena."

Ine ndinali pakona pa khonde. Ndinkayang'ana pamphumi pawo, pamene panadutsa madzi anga, ndikudikira kuti mwina chinachake chichitika, kuti mwina lilime liwauma. Palibe chinachitika, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri.

Anamwalira Lolemba m'mawa, mbuzi zisanatulutsidwe. Amayi ndiwo anaona. Maliro atamveka, anthu anayamba kusonkhana, ndipo ine anandituma kuchitsime ndi atsikana ena. Pobwerera, ndili ndi mtsuko pamutu, ndinapeza aphunzitsi a Blasius atayima panjira pansi pa mtengo wa bwemba. Anzanga anadutsa. Ine anandiyimitsa.

"Martina, pepa mwana wanga."

"Zikomo aphunzitsi."

"Ndifunse chinthu chimodzi. Unali nawo masiku onsewa. Ndamva kuti Lachitatu anakomoka uli wekha. Kodi unachita zimene tinakuphunzitsa?"

Madzi anatayikira pang'ono m'khosi mwanga.

"Usaope. Ngati unachita, unachita bwino. Za Lachisanuzo ndamva, koma munthu wodwala, anthu atamuzungulira, amanena chilichonse. Madzi safufutika. Ngati anawalandira ndi wathu, ndipo ndipita kwa amjomba ako pompano. Matabwa alipo. Pofika madzulo bokosi likhala litatha."

Ndinali ndisananamepo kwa aphunzitsi chiyambire. Ngakhale tsiku limene ndinaswa sileti ndinakadzinenera ndekha. Ndinaganiza za chithunzi cha m'buku chija, kuti mwina akagona kumanda odalitsidwa chinachake chingawapepukire. Ndinaganizanso za amjomba, kuti akamva zoti munthu wawo anathiridwa madzi mobisa, amuna aja akhoza kubweza jeneza, aphunzitsi n'kulephera nawonso kuwatenga, mkangano n'kutha tsiku lonse, mapeto ake kuchulu. Koma chimene chinandigonjetsa si zimenezo. Ndinamva nyundo. Ndinaimva bwinobwino, ngati ikukhomedwa kuseri kwa bwembayo, ndipo ndinayamba kuwerenga.

"Iyayi," ndinatero. "Sindinachite."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ndinachita mantha. Ndinangowapukuta thukuta."

Aphunzitsi anagwetsa mutu. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anati, "Ndiye tingowasiya m'manja mwa Mwini chifundo. Unali ndi mpata, Martina." Anandithandiza kukonza nkhata pamutu, nabwerera njira ya kumishoni.

Kunyumba ndinapeza amuna akumzikiti akukangana ndi amjomba. Dzenje linali litayambika kale, ndipo ankafuna kuti zonse zithe dzuwa lisanapendeke. Amjomba anati sizingatheke, chifukwa atuma kale munthu panjinga kukaitana shehe wa ku Nsanama, amene anawaphunzitsa iwo Kurani, ndipo kuika maliro mlendo woitanidwa ali m'njira ndi chipongwe.

"Ku Nsanama, Che Uladi? Kutsidya kwa Shire? Shehe wathu ali apa watani?"

"Ali ndi chimfine."

"Ndili bwinobwino ine," anatero shehe wathuyo.

"Mukuoneka otopa," anatero amjomba, osamuyang'ana.

Panalibe amene akanabweza njinga imene inali itapita kale. Anadandaula, ena anapita kwawo kukadya, koma anadikira. Bambo anagona m'nyumba tsiku lonse ndi usiku wake, chitseko chili chotsegula, nkhope yosaphimba. Shehe wa ku Nsanama sanabwere. Wanjinga uja anabwerera m'mawa yekha, ndipo sindikhulupirira kuti anawoloka n'komwe.

Anawasambitsa dzuwa litakwera, kuseri kwa mpanda wa mphasa. Akazi sitiloledwa kumeneko, ndipo kumanda sitipita. Ndinaona jeneza likutuluka, likupita msangamsanga pamapewa a anthu, kenako linakhota pa nkhokwe ya Che Mohamedi, osaonekanso. Ndinakhala pakati pa azimayi, kolona yanga ili m'mfundo ya chitenje, osadziwa kuti ndipempherere dzina liti.

Amuna atabwerako, amjomba anasamba m'manja, nandiitanira pambali. Maso awo anali ofiira.

"Zaina, bambo ako anandituma kuti ndidzauze iwe, osati amayi ako. Ndawasambitsa ndekha. Ndinaika dzanja pachifuwa, m'khwapa, pakhosi. Katatu konse anali ozizira. Timitengo ndaika ndekha, ndipo sindinathinitse."

Ndinagwedeza mutu.

"Uli ndi mawu? Ukuoneka ngati wameza fupa."

Ndinatsegula pakamwa. Iwo anadikira, madzi akudontha m'zala zawo. Kumbuyo kwawo amayi anali atakhala pamphasa, kwa nthawi yoyamba masiku ambiri nkhope yawo ili yomasuka, akulandira anthu amene ankawauza kuti amuna awo apita bwino, apita ali Msilamu.

"Iyayi, amjomba," ndinatero. "Ndilibe."