Mbewa Yoopa Una

"Chotsa kapu yakoyo pamapu a adadi, iwe," anatero Tordis.

Halvard anainyamula, koma khofi anali atasiya kale mkombero wonyowa pamwamba pa mapiri. Anapukuta ndi chala, n'kungoonjezera kuipitsa. Linali tsiku lachitatu chiwaikire bambo awo m'manda, ndipo m'khichini munkanunkhirabe maluwa a pamaliro ndi makeke otsala amene aliyense anali atatopa nawo.

Mapuwo anali akalekale, omatamata ndi tepi mopinda monse. Chaka chilichonse chipale chofewa chikatseka misewu ya m'mapiri, bambo awowo, a Arnfinn, ankawayala patebulo lomweli n'kuyamba kukonza ulendo wa panjinga yamoto. Za pafoni analibe nazo ntchito. Mtunda ankayeza ndi kachingwe komangamanga mfundo, mfundo iliyonse makilomita makumi asanu, ndipo za tsiku lililonse ankalemba pakakhadi kakekake. Anatero kwa zaka makumi anayi ndi zitatu, iwo kutsogolo, akazi awo a Oddny kumbuyo. Ulendo wa chaka chino anamaliza kuukonza mu Febuluwale, adokotala atawauza kale chilungamo chonse.

"Amayi, mundimvetse," anatero Halvard. "Munthu wofuna kugula njingayo abwera Loweruka. Ine laisensi ndilibe. Tordis anasiya kalekale, ndiponso timiyendo taketi sitifika pansi. Njinga ija ndi hatchi, inali ya adadi okha."

"Miyendo yanga yakulakwira chiyani?"

"Si ine ndinayamba. Suja pa Khirisimasi adadi anachita kukuyeza ndi kachingwe kawoka, ati aone ngati watalikako?"

Halvard si munthu woipa ayi, tisamunamizire. Kungoti mnyamata ameneyu amalira ndi manja. Chibwerere kuchokera ku Stavanger anali atakonza mpope wodontha, atasintha matayala a galimoto ya mayi ake, ataletsa nyuzipepala ya malemu, ndipo tsopano anafika panjinga. Akanangokhala pansi mphindi zisanu zokha, bwenzi atayamba kusisima ngati mwana, ndiye sankakhala pansi.

Koma za miyendo ankanena zoona. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo Tordis anabwereka njinga yomweyo. Ataima pokwerera chombo chowolotsa magalimoto, anaponya phazi kufuna pansi, n'kupeza mphepo yokhayokha. Chinjingacho chinamugwera n'kumuthyola kakolo anthu onse akuona. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale chipewa chake cha panjinga sanachivalenso.

"Ulendo ndi wa pa 12 Juni," anatero a Oddny, maso ali pamapu. "Bambo anu anafunsa kale. Msewu wakale adzakhala atachotsa chipale."

"Ndidzabwera, ndidzakutengeni pagalimoto. Taonani." Halvard anawayandikizira foni. "Kuchoka kuno ku Lom kukafika kunyanja ku Selje, maola anayi basi. Tsono onani za adadi: masiku atatu! Apa azungulira phiri, apa akwera msewu wamiyala, apa abwerera m'mbuyo. Zonsezi kuthawa mapanga. Mbewa yoopa una!"

Anaseka, koma kusekako kunathera pakhosi.

Dzina limenelo chigwa chonse chinkalidziwa. Ali mnyamata, a Arnfinn ankagwira ntchito yoboola mapiri, kuphulitsa miyala kuti misewu izidutsa m'kati. Ndiye taganizani, munthu woboola mapanga, koma akakwera njinga osalola kulowa ngakhale limodzi! Anzawo oyenda nawo ankadutsa pansi mphindi khumi, n'kukawadikira tsidya linalo ola lathunthu, khofi mpaka kuzizira. Akamawaseka, iwo ankangoti, "Ndinawaboola ndine, anyamata, ndikudziwa zimene zili pamwamba pake." Ngakhale pachakudya cha pambuyo pa maliro, mnzawo wina anaimirira n'kuifotokozanso nkhaniyi, anthu n'kuseka misozi ili m'maso.

A Oddny anadzuka mwakachetechete, n'kutenga juzi yawo pamsomali.

"Mbatata zija zikudikira," anatero, n'kutuluka.

"Ndalakwanso chiyani?" anafunsa Halvard.

"Kaya. Pita ukakonze china chake."

Tordis anatsala ndi mapu. Anatenga kachingwe kaja n'kukayendetsa pamzere wofiira wa ulendowo monga ankachitira bambo ake, chala chikutsatira m'makona. Tsiku loyamba, mfundo ziwiri. Lachiwiri, zitatu. Munthu amene ankadya mfundo zisanu ndi zitatu patsiku osadandaula msana! Mtima unamuwawa. Anaganiza kuti bambo ake ankadzinamiza, kuti ankayembekezera kudzayenda pang'onopang'ono ndi thupi lodwalalo.

Anawapeza mayi ake kuseri kwa nyumba atagwada pamzere, akubzala mbatata za kachewere zimene malemu anaziyala m'mathireyi a mazira kuti ziphuke. Pamwamba pa mapiri chipale chinali chikadali mbuu. Tordis anagwada pambali pawo n'kuyamba kuwapatsira mbewu.

"Halvard sananene mwachipongwe, Amayi."

"Ndikudziwa. Mwana uja ali ndi mtima wa bambo ake, koma pakamwa ndi pa ine." Anakwirira mbatata imodzi, n'kuisindikiza ndi chikhatho. "Tordis, bambo ako sankaopa phanga. Ankatha kugona m'menemo tulo tofa nato."

"Mwati bwanji?"

"Mbewayo ndine."

Tordis anangoti kukamwa yasa, mbatata ili m'manja.

"Unali ulendo wathu woyamba, tisanakwatirane. Ine wa kuchigwa, phanga lalitali ndinali ndisanalowemo. Titangolowa, mdima bii, madzi akudontha, phokoso, mpweya unandithera. Ndinamukanda bambo ako m'nthitimu mpaka jekete kung'ambika. Titatuluka anaima, ine ndikusanza m'ngalande. Anzake aja anabwerera kudzafunsa chachitika n'chiyani. Anali anyamata amwano, ndipo ankanena kale kuti mkazi panjinga ndi katundu. Bambo ako anandiphimba ndi thupi lake lija n'kunena kuti, 'Ndine, anyamata. Ndachita mantha, ndayendetsa mokhotakhota mpaka mtsikanayu wadwala.' Basi, dzina linayambira pomwepo."

"Zaka zonsezi?"

"Zonsezi. Ndinkati ndiulule, iye amvekere, 'Usandilande dzina langa, ndinalivutikira.' Ngakhale kuchipatala ku Lillehammer tinkadutsa njira yakale." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, dothi n'kutsalira patsaya. "Koma pamaliro paja, mwanawe, anthu akuseka, ine ndinaseka nawo. Mwamuna wanga ali m'dothi, akumutcha wamantha, ine chete. Zimenezi zikundidya. Ndikuchita manyazi."

Tordis anawagwira paphewa.

"Bwanji timuuze Halvard kuti adzakudutsitseni msewu wakale pagalimoto?"

"Pagalimoto? Aa, iwe. Dziko la pawindo ndi la pa TV. Ine dziko lino ndinaliona cham'mbali, tsaya lili pamsana pa munthu, ndikumva fungo la nkhosa ndi la chipale chosungunuka. Ngati si choncho, bola ndikhale." Anatenga mbatata ija m'manja mwa mwana wawo. "Sindikukupempha ayi. Kakolo wako ndikumudziwa. Njingayo ipite."

Zinali bwino akanangopempha. Masiku awiri otsatirawo Tordis ankadutsa pakhomo pa galaja, n'kuima, n'kupitirira. Nthawi iliyonse kakolo ankayamba kumuwawa, ngakhale kuti anapola kalekale. Ankaopa, ndipo ankadziwa kuti akuopa. Kugwa yekha n'kwina, koma kugwetsa mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri pamsewu wamiyala, ayi ndithu.

Loweruka m'mawa wogula uja anafika ndi ngolo kumbuyo kwa galimoto. Anali bambo wa ku Otta, wamtali ngati mlongoti, waulemu wake. Anapepesa za maliro, anavula chipewa, ndipo onse anayi analowa m'galaja. Halvard anavundukula chinsalu. Njingayo inali waliwali, kachikwama ka makadi kali pathanki, mpando wakumbuyo uli ndi kotsamira kamene a Arnfinn anapangira akazi awo.

Bamboyo anaizungulira kawiri akugwedeza mutu mokhutira. Kenako anaponya mwendo n'kukhalapo. Mawondo anakwera m'mwamba ngati munthu wamkulu pampando wa kusukulu ya mkaka.

"Pepani," anatero. "Mwati mwini wake anali wamtali ngati ine?"

"Kuposa inu," anayankha Halvard.

"Ndiye sankakwera iyi." Anatsika n'kugwada, n'kuloza pansi pa mpando. "Taonani. Mpandowu ausema, achotsa siponji yambiri n'kuusokanso. Kumbuyoku aitsitsa, kutsogolonso chimodzimodzi. Ngakhale mwendo woimikira aufupikitsa. Mabawuti ake ndi atsopano, ntchito ya chaka chomwe chino. Anachita bwino kwambiri, koma anakonzera munthu wamfupi."



"Nkhalamba yabodza!" A Oddny anaika manja m'chiuno. "Januwale yense ali muno, kuzizira konse kuja, akutsokomola, ine ndikumukalipira. Ati ndikusintha oilo. Oilo wa masabata atatu!"

Halvard anatsegula kachikwama kaja, mwina pongofuna chochita ndi manja. Anatulutsa makadi atatu omanga ndi mphira. Anayang'ana loyamba, n'kuliyang'ananso, kenako anayamba kuwerenga mokweza.

"Tsiku loyamba. Mfundo ziwiri zokha, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamiyala usagwire buleki yakutsogolo. Mayi ako akakutsina kumanzere, akufuna khofi. Akakutsina kumanja, aona chinthu chokongola, ima ndithu ngakhale iwe usachione. Pokwera chombo uwatsitse kaye, ulowe wekha, palibe amene akukuthamangitsa." Anafika pamzere womaliza. "M'phanga usalowe, ngakhale lalifupi. Wina akakufunsa chifukwa chake, uziti mantha unatengera bambo ako."

Halvard anatembenuza khadilo, ngati kuseri kuli yankho.

"Uziti? Akutanthauza chiyani, uziti?"

A Oddny anayang'ana mlendo uja, amene anali ataima pakona chipewa chili m'manja, akufuna pothawira. Akanatha kudikira kuti achoke kaye. Sanadikire.

"Akutanthauza kuti wamantha ndine, Halvard. Bambo ako sanaopepo phanga chibadwire. Inunso bambo, mukamve, ndipo mukafika ku Otta mukauze aliyense wokwera njinga. Arnfinn ankazungulira mapiri chifukwa cha mkazi wake."

"Ndikanena, mayi," anatero bamboyo.

Apo m'pamene Halvard anakhala pansi, pachitini cha penti, kwa nthawi yoyamba chifikire. Ndipo monga tinanenera, atangokhala zinamupeza. Analira ngati kamwana, makadi ali pamphumi. Mayi ake anamusisita m'mutu, akumuuza kuti asanyowetse makadiwo chifukwa ena kulibe.

Mlendo uja anabwerera ndi ngolo yopanda kanthu, atamukakamiza kunyamula theka la keke. Halvard atabwerako komuperekeza, anapukuta maso ndi malaya n'kuyang'ana mlongo wake.

"Ine ndidzatsatira pambuyo ndi galimoto, ndinyamule zikwama. Msewu womwewo wamiyalawo. Koma ngati sukufuna, Tordis, palibe akukukakamiza."

Tordis anali atagwira kale chiwongolero. Kakolo uja anayamba nyimbo yake. Anakumbukira za pa Khirisimasi: bambo ake atagwada movutikira pakapeti, akumuyeza ndi kachingwe kuchokera m'chiuno mpaka pachidendene, onse akuseka, iwo akuti, "Ayi, sanatalike, tiyesenso chaka chamawa." Kenako anamanga kamfundo pachingwepo n'kukaika m'thumba.

Tordis anaponya mwendo, n'kuiimika njingayo chilili. Anatsitsa mapazi akuyembekezera mphepo ija.

Onse awiri anafika pansi, zidendene ndi zala zomwe, ndendende.

Anakhala choncho, mapazi ataponda simenti yozizira. Kenako anamva njinga ikutsika pang'ono kumbuyo. Mayi ake anali atakwera, ndi masilipasi awo a m'nyumba, n'kumukumbatira m'chiuno, tsaya n'kuliika pamsana pake. Injini inali yozima, chitseko cha galaja chotsegula theka, kutsogolo kulibe china koma khoma la masipanala amene bambo ake anawapachika mwa ukulu wake, ndi jekete lawo lakale losokedwa m'nthiti.

A Oddny anamutsina kumanja.